Bokosi Lalitali la Pamitanda

Cyprian anapeza shopu yaikulu pa Tembwe m'chaka cha 2006, anthu atangomaliza kukolola. Inali nyumba ya malata imene mkulu wina ankasungiramo fodya asanabwerere kwawo ku Chipata. Chitseko chake chinali chachikulu choti ngolo n'kulowa ndi ng'ombe zomwe, pansi panali pa simenti, magetsi anali okoka kale, ndipo msewu wa tala unali pakhomo pomwepo. Kalipentala amene wakhala zaka zambirimbiri akupala matabwa m'kashedi kaudzu kumudzi, kuseri kwa mishoni ya Guilleme, akanayenera kuvina mpaka fumbi kobo. Kashediko kanali kothina moti akafuna kutembenuza thabwa lalitali ankayamba watuluka nalo panja. Wodilopu ankaipangira pabwalo, mvula ikati ndabwera iye n'kumathamangathamanga ngati mayi woanika ufa.

Koma Cyprian sanavine. Walira mvula walira matope. Kusamuka kunatanthauza kutsitsa chilichonse chimene chinali m'kashedimo, ndipo pamitanda ya denga, chofunditsidwa ziguduli za fodya, panali chinthu chimene ankachidziwa ndi iye ndi mkazi wake Esitele basi. Linali bokosi la maliro la mkulu wake, a Davie. A Davie tikunenawa anali moyo, onenepa bwino lomwe, ndipo ndiwo analonjeza kubwera ndi ngolo yawo kudzanyamula katundu.

Musafulumire kumuweruza munthu. Zaka ziwiri m'mbuyomo a Davie anali atatha, kutsala mafupa ndi maso. Anali munthu wa geni, wopalasa njinga kukagulitsa mtedza kutsidya kwa malire, ndipo matenda aja amene anasesa midzi yathu anayamba atenga akazi awo, kenaka n'kuwagwetsa iwo. Kuchipatala anati kawasamalireni kunyumba, ndipo tonse tikudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Nthawi imeneyo Cyprian sankapanganso makabati kapena mipando. Ntchito inali mabokosi okhaokha, a paini, okhoma mothamanga anamfedwa ataima pakhomo, ena mpaka kumaonekera kunja m'mipata ya matabwa. Iye anati ayi, achimwene anga sangapite m'chinthu chotere, komanso ankadziwa kuti tsikulo likadzafika manja ake sadzatha kugwira puleni.

Ndiye masana ena a Davie atagona pamphasa pakhonde kuothera dzuwa, maso ali chitsinzinire, Cyprian ananyang'ama ndi bango ngati mmene amachitira adzukulu poyeza manda. Analigoneka m'mbali mwa mbale wakeyo, kuchokera kumutu kufika kuchidendene, n'kulithyola pa muyeso. Mapewa anangowayeza ndi maso, poti panalibenso mapewa oti n'kuyeza. Kenaka anatenga matabwa a mlombwa amene malemu bambo awo anacheka okha n'kuwasiyira ana awo awiriwo, nakhoma bokosi limene sanakhomepo chiyambire ukalipentala wake, losalala, lopanda pomwe nyerere ingalowere. Esitele anamuthandiza kulikweza pamitanda, misozi ili chuchuchu, ndipo bango lija analiponya m'kati momwemo.

Koma a Davie sanamwalire. Mankhwala otalikitsa moyo anafika kuboma, anthu anawanyamula pa ngolo kukawalembetsa, ndipo mvula isanagwe kawiri munthu uja anali atadzuka, akulima yekha ndi kumaseka nthabwala zake zakale. Akamamwa mankhwala m'mawa ankati akuthira mayunitsi mu foni. Mudzi wonse unasangalala, Cyprian kuposa onse, koma chimwemwe chake chinali ndi munga m'kati. Kwathu kuno kumukhomera munthu bokosi akupuma n'kumuitanira imfa. Ndipo kunama kuti ndi la munthu wina kunali kosatheka, chifukwa a Davie anali wamtali kuposa aliyense m'parishi yonse ya Guilleme, ana ankawatcha a Mlongoti. Ngakhale mwana wosasinkhuka akanaliona bokosilo akananena mwini wake.

Esitele anaimba nyimbo imodzi zaka zonsezo: abambo a Lonjezo, phwasulani chinthucho. Tsiku lina Cyprian anakweradi ndi hamala, koma asanazule msomali ndi umodzi womwe kunabwera uthenga woti a Davie adzuka ndi malungo. Anatsika msangamsanga ndipo sanakwerenso. Mkhristu wa m'kwaya ndithu, koma mumtima anakhulupirira kuti moyo wa mbale wake walendewera pamitanda paja, ukakhudza bokosilo wakhudza munthu. Kuyambira pamenepo a Davie akabwera kudzacheza ku shedi monga ankachitira kale, Cyprian ankathamangira kuwatulutsira mpando panja, ati m'kati muli fumbi loipa pa chifuwa chawo. Atafunsa za matabwa a bambo awo, iye anayankha akuyang'ana kumbali kuti anadyedwa ndi chiswe. Anasiya kuwayang'ana m'maso achimwene ake, ndipo zimenezi zinkamuwawa kwambiri chifukwa ankawakonda.

Tsono taonani mmene zinthu zinakhalira pamodzi. Atangomva za shopu ya pa Tembwe, a Davie anapempha kuti kashedi kakaleko kakhale kawo, azisungiramo mtedza, ndipo anati adzalowetsa matumba tsiku lomwelo losamukira. Ukanakana bwanji, mkulu wako? Kusiya bokosilo kunali kosatheka, kulitulutsa anthu akuona kunalinso kosatheka. Cyprian ankamva kale zimene anthu akananena pachitsime: si uyo, shopu yaikuluyo anaipeza bwanji, anakhwimira mbale wake koma mankhwala anaphonya. Zokamba za anthu akanazipirira. Chimene chinkamudya chinali nkhope ya a Davie pomva zimenezo, ndi kuti ubale wawo wa bere limodzi uthera pomwepo, osadzadyeranso mbale imodzi.

Anagwirizana ndi Esitele kuti alitsitsa n'kuliphwasula tsiku losamukiralo lisanafike. Lolemba kunabwera makasitomala kudzatenga mipando yawo. Lachiwiri kunabwera a kwaya kudzatsanzika, n'kukhala mpaka dzuwa kupendeka. Masiku enawo kunalibe munthu, koma Cyprian ankapeza chochita china, pena kunola matchizulo, pena kumanga timatabwa m'mitolo. Zengerezu analinda kwawukwawu. Anati basi, Loweruka m'mamawa achimwene asanafike. Loweruka lija asanasambe n'kumaso komwe anamva mabelu a ng'ombe ndi likhweru panjira, ndipo Esitele anangoika ndowa pansi n'kumuyang'ana.

A Davie anafika ataimirira pa ngolo, chipewa chaubweya kumutu chifukwa cha chisanu cha Julaye, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mosokoneza mawu. Anati munthu wopita ku tauni salinda dzuwa. Anayamba ndi benchi lopalirapo matabwa, lolemera ngati tchimo, n'kulinyamula mbali imodzi okha kuti mphwawo aone kuti mayunitsi akugwira ntchito. Anakweza mapuleni, masowo, makilampu, zitini za guluu ndi vanishi, kabati ya galasi yosamaliza imene Esitele anaikulunga m'mabulangete. Nthawi yonseyo mutu wa a Davie unkangodutsa pansi penipeni pa ziguduli zija, ndipo ukadutsa, mtima wa Cyprian unkaima.

Ngolo itadzaza Cyprian anayesa nzeru. Anati achimwene atsogole ndi mlamu wawo, iye atsale asese, poti sangawasiyire shedi ya utuchi. A Davie anakana. Anati iwo sadziwa pomwe benchi liyenera kukhala, angaliike pakhomo anthu n'kumaliyesa la ogulitsa nyama, ndipo za utuchi asadandaule, mtedza sudana ndi utuchi. Anapita onse. Njira yonse a Davie ankalonjera aliyense, kuuza ndi osafunsa omwe kuti mphwawo tsopano ndi bwana wa pamsewu, azipala matabwa ndi magetsi. Cyprian ankangoti zikomo, zikomo.

Shopu ija atalowamo ndi katundu inaoneka yaikulu kuposa mmene Cyprian ankaikumbukira. Benchi limene kumudzi linkadzaza nyumba linangokhala pakona ngati mwana wamanyazi. A Davie anatenga thabwa lalitali n'kuzungulira nalo pakati, osagunda khoma, akuseka. Esitele anayatsa getsi n'kuzimitsa, n'kuyatsanso. Cyprian anafuna kusangalala nawo, koma maganizo ake anali atabwerera kale kumudzi.

Ulendo wachiwiri anatenga matabwa otsala ndi zidutswa zonse. Dzuwa lili paliwombo kashedi kanali mbee, kutangotsala fungo la utuchi ndi mabowo a miyendo ya benchi pansi. Esitele anabweretsa thobwa ndi mbatata, n'kuwapempha alamu ake kuti akadyere kunyumba pamthunzi wabwino. Ameneyo ndiye anali mwayi womaliza, ndipo a Davie anaukana mwaulemu. Anamwa thobwa ali chiimire pakhomo la shedi, anapukuta pakamwa, n'kuloza kudenga ndi chikho.

"Manje zapamwambazo," anatero, ndi Chinyanja chawo cha kutsidya chimene anatola pa geni.

Cyprian anati n'ziguduli zakale chabe, zodzaza makoswe, adzabwera kudzazitentha yekha tsiku lina. Mawu ake anatuluka owonda ngati a mwana. A Davie sanafune makwerero. Anangotambasula dzanja ali pansi, n'kukoka chiguduli chimodzi. Fumbi la zaka ziwiri linakhuthuka, ndipo m'mbali mwa bokosi munaonekera, mlombwa wofiirira uja ukuwala ngati waupaka vanishi dzulo.

Esitele anakhala pansi pomwe anali, nsalu kukamwa. Cyprian anaona kuti basi, zatha. Anafuna kugwada, anafuna kuthawa, anafuna kunena kuti achimwene ndikhululukireni, zonsezo nthawi imodzi. Ankayembekezera kuti a Davie atembenuka, atenga ng'ombe zawo n'kumapita, ndipo madzulo nkhani ikhala ili kwa amalume.

A Davie anangoti, "Gwira ukoko, Sipi, lingatigwere."

Analitsitsa awiriwo pang'onopang'ono n'kuligoneka pansi. Linatenga shedi yonse kuchokera kukhoma mpaka pakhomo. A Davie anavula chipewa, osati mwa maliro ayi, koma kuti apukutire fumbi pachivundikiro. Anayendetsa chala m'molumikizira matabwa, akugwedeza mutu ngati munthu wosankha ng'ombe pamsika. Atavundukula anapeza bango lija, nalitenga, naliimika pambali pawo. Linafika ndendende pamutu.

"Bango ili linandikanda khutu tsiku lija," anatero. "Ndinafuna kukuuza kuti ulisunthe pang'ono, koma mphamvu yolankhulira ndinalibe."

Cyprian anawayang'ana. Kanali koyamba m'zaka ziwiri kuwayang'ana m'maso, ndipo m'masomo munalibe mkwiyo.

A Davie anakhala pachivundikiro n'kufotokoza mosathamanga. Anati sanali m'tulo, munthu wodwala chotero sagona, amangotseka maso kuti omudwazika apumeko. Anamva bango likuthyoledwa, ndipo masiku otsatirawo ankamva puleni ikulira ku shedi. Anazolowera kumva fungo la paini mphepo ikaomba kuchokera kumeneko, ndipo ankadziwa kuti ndi la mnansi wina amene watsogola. Koma nthawi imeneyo mphepo inabweretsa fungo lina, la mlombwa, fungo la bambo awo akamabwera kocheka.

"Ndinalira pamphasa paja, koma sindinkalirira imfa," anatero. "Ndinati taonani, anthu ayamba kale kundizemba, kapu yanga aipatula, koma mphwanga wanditengera matabwa a bambo onse, ndi gawo lake lomwe. Munthu amene akufuna ufe sakupalira mlombwa, Sipi."

Cyprian analira pamenepo, kulira kwenikweni kwa mwamuna wamkulu, kosabisa. Anafunsa, mawu akudukaduka, chifukwa chake sananene nthawi yonseyi. A Davie anati poyamba ankadikira kuti mwini wake ayambe, poti nkhani ya bokosi siyambidwa ndi mtembo. Kenaka anaona kuti mphwawo akuwonda ndi chinthu chimenechi pamene iwo akunenepa. Anatopa ndi kukhazikidwa panja ngati mlendo, anatopa ndi kulankhula ndi khutu la mbale wawo m'malo mwa nkhope. Mtedza wawo ukukwana bwinobwino m'nkhokwe, anatero, shediyi anaipempha dala.

"Komanso bodza lako linandinyansa. Chiswe chinayamba liti kudya mlombwa? Mwana wa wocheka matabwa n'kunama bodza lotere?"

Esitele anaphulika kuseka misozi ili m'masaya, n'kunena kuti alamu, ine ndinawauza kuti bodza limenelo n'lopanda miyendo. Kenaka a Davie anachita chinthu chimene mpaka lero Esitele akachikumbukira amagwira pamtima. Anavula nsapato n'kulowetsa miyendo m'bokosimo kuti ayese. Esitele anakuwa kuti alamu musatero, n'malodza. Iwo anati malodza ake anatha kale ntchito. Miyendo inalowa, chiuno chinalowa mokakamiza, koma atati agone chagada mapewa anakakamira pamwamba, mimba ili tumbi. Anayesa cham'mbali, osatheka. Mpaka anachita kukokedwa ndi anthu awiri kuti atuluke.

"Waona? Unayeza munthu wina," anatero akupuma mwawefuwefu. "Ameneyo anapita kalekale. Ine muno sindikwanamo."

Cyprian anaseka mpaka m'nthiti kuwawa, ndipo anamva thupi lake likupepuka ngati watula thumba la chimanga limene anayenda nalo mtunda wautali. Anati aliphwasula pompano, chitseko chili chotseka. A Davie anakananso. Anati chobisa ndicho chimabala mfiti, bokosili lipita pa ngolo masanasana, losafunditsa, iwo atakhala pamwamba pake.

Ndi mmene ulendo wachitatu unayendera. Anthu a m'njira akaona bokosi patali ankapatuka, abambo kuvula zipewa, amayi kutula mitolo. Ngolo ikayandikira ankaona a Mlongoti atakhala pabokosi la msinkhu wawo, akutafuna mbatata ndi kufunsa za kunyumba. Mayi wina wachikulire anachita chizindikiro cha mtanda n'kufunsa kuti ndani watisiya. A Davie anati palibe, mayi, mwini wake ndine, koma ndalephera mayeso, andibweza. Pofika pa Tembwe nkhaniyo inali itawatsogolera, ndipo anthu ankaikamba akuseka. Mawu oti kukhwima sanatuluke pakamwa pa munthu, chifukwa wokhwimiridwayo ndiye ankaseka kuposa onse.

Analigoneka pabenchi m'shopu yatsopano, pakati penipeni, chitseko chili chotsegula. Malo analipo okwanira kulizungulira mbali zonse. Cyprian anatenga hamala, koma atafika pa msomali woyamba dzanja linaima. Mantha akale aja sanathere panjira onse. A Davie anaona, anabwera n'kugwira thabwalo mwamphamvu ndi manja awo awiri, namuuza kuti azule, iwo ali pompano. Msomali unatuluka ukulira, ndipo a Davie anakhalabe chiimire, akuyang'ana magalimoto a ku malire akudutsa pamsewu.

Matabwa atawayala pansi anali abwinobwino, timabowo ta misomali tokha m'mphepete. A Davie anati imeneyi ndiyo ikhale ntchito yoyamba ya shopuyi, tebulo lodyera, poti bambo awo anachekera zimenezo, ndipo lizikakhala kumudzi komwe mabanja awiriwo amadyera limodzi pa Khirisimasi. Esitele anatola bango lija pangolo n'kufunsa ngati aliponye kunja. Cyprian analilandira, analithyola pabondo, n'kuliika pa mulu wa zidutswa zoti akakolezere moto. Kenaka anasolola tepi m'thumba n'kufunsa achimwene ake kuti tebulolo likhale lalitali bwanji.

"Werenga anthu amene akhalepo," anatero a Davie. "Uyambire ine."